Ndinapha Apongozi Anga Kasanu ndi Katatu

Nkhani iyi anzanga a ku Lilongwe saidziwa, ndipo ndakhala ndikupemphera kuti asaidziwe. Koma kuno ku Nchenachena ngakhale mbuzi zikuidziwa, ndiye bola ndiinene ndekha ena asanaithire mchere. Ndi yochititsa manyazi kwambiri. Mukafuna kuseka sekani motsitsa, chifukwa muli maliro m'katimu.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo ntchito yanga ndi yolemba ma app a pafoni. Kontirakiti yanga itatha m'tauni, ndinatsatira mkazi wanga Tiwonge, amene amaphunzitsa pa pulayimale ya mishoni kufupi ndi kwa makolo ake. Kwathu kutsatira mkazi si nkhani, ndi chikamwini basi. Kuno kumpoto anthu amaimitsa njinga kuti akuone bwinobwino.

Choipa china, ntchito yanga sioneka. Mwamuna weniweni kuno amabwera madzulo ali ndi dothi la m'munda wa khofi kumapazi, kapena choko m'manja. Ine ndinkakhala pakhonde tsiku lonse, maso pa laputopu, nkhope yokwinya. Amayi opita kuchigayo ankandipatsa moni uja timapatsa odwala.

Munthu mmodzi yekha sanandiderere: apongozi anga aamuna, a Mkandawire, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo. Munthu wovala jekete ngakhale popita kukhola la nkhuku. Salankhula zambiri, ndipo sindinawaonepo akuseka mpaka mano a m'mbali kuoneka. Iwowa ndi amene anaimirira pa msonkhano wa akulu a mpingo n'kunena kuti mlembi asamavutike kukwera mapiri ndi makalata, mkamwini wawo apanga chida choti zolengeza zonse, maukwati, misonkhano ndi maliro, zizifika pa foni ya mkhristu aliyense ngati uthenga wamba.

Akulu ena anakayikira. Anati zinthu za mpingo sizisewereredwa.

“Mkweni wanga akalakwitsa, mudzafunse ine,” anatero a Mkandawire. Mkweni ndiye mkamwini pa Chitumbuka, ndipo ndi dzina lokhalo limene ndili nalo m'dera lino.

Ndiye mukuona, pa app imeneyi panali dzina la munthu wamkulu. Ndinalumbira kuti sindiwachititsa manyazi.

Vuto silinali mutu wanga ayi. Vuto linali laputopu.

Laputopu yanga ndi ya pa kaunjika, ya RAM ya 4GB yokha, kutanthauza yochepa mphamvu, ndipo inali itakalamba kale pamene ndinkaigula. Kuti mumvetse: app ukailemba, kompyuta imayenera kuimanga kaye, ife timati build, kenako umaiyesa pa kafoni konamizira kamene kamaoneka pa sikirini, kotchedwa emulator. Pa makina abwino zonsezi ndi mphindi ziwiri. Pa yanga build imodzi inali mphindi fote, magetsi akakhala ndi chifundo. Ukatsegulanso emulator, fani inkalira ngati chigayo, sikirini n'kuuma gwa!

Ndinaikweza pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinkaikupiza ndi katoni. Tsiku lina Tiwonge anandipeza ndikuilankhula mwaulemu, ndikuitchula kuti “amayi”.

Kenako pulogalamu yomangira ma app inadzipanga update yokha, osandifunsa. Kuyambira pamenepo build iliyonse inkathera pa mizere yofiira. Ndikakonza error imodzi, zimabadwa zina zitatu. Ndikatsitsa vesheni ya ichi, icho chimakana. Masiku naini! Ndipo akulu a mpingo anali atanena kuti akufuna kuona chidacho Lamulungu likubweralo.

Kunyumba kwathu netiweki kulibe. Imapezeka pa chulu china m'mbali mwa msewu, moyang'anizana ndi nyumba ya apongozi. Lachinayi m'mawa ndinakhala pachulupo n'kupeza malangizo a munthu wina pa intaneti, amene ndikukhulupirira ali ndi makompyuta khumi kunyumba kwake. Analemba kuti: fufutani zonse, kopani pulojekiti mwatsopano. Pansi pake anthu anali kumuthokoza mochita kugwada.

Ndinafufuta zonse.

Apa ndiyenera kuulula tchimo loyamba. App yanga inali ndi njira ziwiri. Njira yoyesera, uthenga umabwera pa foni yanga yokha. Njira yeniyeni, umapita ku manambala onse amene a Msiska, mlembi wa mpingo, anandikopera kuchokera m'buku la akhristu. Chimene chinkasankha njira chinali kafayilo kakang'ono kamene kankakhala mu laputopu mwanga mokha. Pofufuta zonse, nako kanapita. Ndipo app ikasowa kafayiloko inkangotenga njira yeniyeni. Amene anaipanga choncho ndi ine ndemwe, ndipo ndinali nditaiwala.

Tchimo lachiwiri: tsamba lolembapo uthenga ndinali ndisanalimalize. Panali batani limodzi lokha, lotumiza uthenga woyesera umene ndinaulemba m'kati mwa code, malamulo olembedwa amene app imatsatira, mwezi wathunthu m'mbuyomo. Mawu ake sindinkawakumbukira. Ndani amakumbukira zimene anakhwatcha poyesa cholembera chatsopano?

Cha m'ma naini, kwa nthawi yoyamba m'masiku naini, build inatha bwino. Mzere wobiriwira! Ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo pachulu. Emulator inadzuka mwaulesi, ine n'kudina batani lija, n'kuyang'ana foni yanga.

Zii.

Ndinadinanso. Zii. Ndinaganiza kuti sikirini yauma monga mwa masiku onse, ndiye ndinadina mokwiya, kudina, kudina, mpaka kasanu ndi kawiri. Foni yanga sinalire ngakhale kamodzi. Ndinatseka laputopu, n'kutsika pachulu, n'kubwerera kunyumba ndili ndi mtima wofuna kuphunzira ulimi wa khofi.

Sipanathe ola limodzi. Ndinali pakhonde ndikumwa tiyi wozizira pamene NyaGondwe, mayi woyandikana nafe, anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja.

“Mkweni! Mwakhala pansi? Simunamve?”

“Chachitika n'chiyani, amama?”

“Adada atisiya!”

“Adada ati?”

“Apongozi anu! A Mkandawire!”

Kapu inagwa. Apongozi anali atapita ku Hewe Lolemba kukaona mlongo wawo wodwala. Anali ndi vuto la BP, tonse tinkadziwa, ndipo kafoni kawo ka mabatani kankakhala kozima masiku ambiri kuposa koyaka. Sindinafunse kuti wanena ndani. Pa uthenga wa maliro munthu safunsa risiti.

Ndinathamangira kwawo. Ndili panjira ndinamva kulira, kuja kumayambira pansi n'kukwera mpaka kugunda mapiri. Ndinafika nthawi imodzi ndi Tiwonge. Aphunzitsi anzake awiri anali atamugwira uku ndi uku, nsapato imodzi kulibe, choko chikadali m'zala. Ankangoti, “Adada, adada ine!” Sanandione n'komwe. Anamulowetsa m'nyumba momwe amayi ake, NyaHarawa, anali atakhala kale pamphasa, azimayi atawazungulira.

Ndinalira, abale. Ndinalira zenizeni, mamina ndi misozi. Munthu yekhayo amene anandikhulupirira m'dziko la eni, wapita ndisanamuonetse kanthu. Ndinadziuza kuti app ija ndidzaimaliza ngakhale laputopu ipse, kuti ikhale chikumbutso chawo.

Kenako ndinagwira ntchito ya mkamwini pa maliro. Ndinatulutsa mipando ya pabalaza. Ndinasenza mabenchi kuchokera kutchalitchi. Ndinawaza nkhuni mpaka manja kutuluka matuza. A Msiska atanena kuti pamsewu pakufunika masamba, ndinatenga chikwanje ndekha, n'kudula nthambi, n'kuziyala bwinobwino kumtunda ndi kumunsi kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Amuna ena anagwedeza mitu moyamikira. Kwa nthawi yoyamba anandiona ndikutuluka thukuta.

Pofika masana bwalo linali litadzaza. Amayi a umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anafika ndi mabulauzi awo oyera n'kuyamba nyimbo. Nkhani inali itadzimanga yokha: amwalirira ku Hewe, achibale a kumeneko anaimbira abusa, amene anali ku msonkhano ku Mzuzu, ndipo abusawo ndi amene atumiza uthenga. Wina anati galimoto yonyamula thupi yanyamuka kale. Wina anati yafika pa boma ikuthira mafuta.

Ndinali nditangokhala pansi kuti ndipume pamene a Chirwa, mkulu wina wa maso ofooka, anandikodola.

“Mkweni, tandiwerengereni apa. Anena kuti tiika liti?”

Anandipatsa foni. Ndinawerenga mokweza, ndi mawu a chisoni:

“Mpingo ukulengeza imfa ya a Zerubabele Vitumbiko Mkandawire, amene amwalira atadwala nthawi yaitali yaitali yaitali yaitali yaitali...”

Ndinalekezera pomwepo.

“Yaitali” kasanu. Ndinkamudziwa munthu amene amalemba choncho. Ndi munthu amene akufuna kuona ngati uthenga wautali ukupindika bwino pa sikirini. Ndinatsitsa chala. Uthenga womwewo unalipo kasanu ndi kawiri, wonse wa m'ma naini. Ndipo pomwepo ndinamvetsa chifukwa chake foni yanga inali zii: kalata yanga yosamukira mpingo inali isanabwere kuchokera ku Dedza. M'buku la a Msiska munalibe dzina langa, munalibenso nambala yanga. Mpingo wonse unalandira, kupatula wakupha.

“Nadi anadwala nthawi yaitali chomene,” anatero a Chirwa akupukuta m'maso. “Ife osadziwa kanthu. Munthu wopirira uja!”

Ndinapita kwa a Msiska, amene anali atakhala pampando wakutsogolo, Baibulo lili pamwendo. Ndinagwada pambali pawo.

“Adada a Msiska, za uthenga uja...”

“Taulandira, mkweni. Kasanu ndi kawiri. Abusa anafuna kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.”

“Ayi, ndikutanthauza kuti ine ndi amene...”

“Tikudziwa, ndinu amene munapanga chidachi. Yewo chomene. Taonani anthu awa, ena achokera kuseri kwa phiri.” Anandigwira paphewa. “Ndikuuzeni chinthu chimodzi. Malemu ankakunyadirani. Sankanena pamaso panu, koma kwa ife ankati, mkweni wanga ali ndi mutu.”

Mukanakhala inu mukanatani? Ndikudziwa, mukanaimirira n'kukuwa kuti anthu inu, palibe wafa! Inenso ndimatero ndikamaikumbukira nkhaniyi posamba. Koma tsiku limenelo, pamaso pa bwalo lodzaza, atangondiuza kuti ndili ndi mutu, ndinangodzuka n'kuchokapo. Ndinachita mantha, ndivomere. M'nyumba momwe munali mkazi wanga sindikanalowa, muja ndi mwa azimayi, mkamwini salowamo chisawawa. Ndinayesa foni ya apongozi kanayi, yozima. Ndiye kamtima kena koipa kanayamba kundinong'oneza: bwanji ungotumiza uthenga wina wokonza, uoneke ngati wachokera ku mpingo? Palibe adzadziwe kuti ndi iwe.

Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga laputopu, n'kukwera pachulu paja. Kumbukirani kuti chulucho chili moyang'anizana ndi bwalo la maliro.

Popeza tsamba lolembera kunalibe, kusintha mawu kunkafuna kusintha code, ndipo kusintha code kunkafuna build ina. Mphindi fote. Ndinalemba kuti: “Pepani, uthenga uja unali wolakwika. A Mkandawire ali moyo.” Ndinadina build.

Fani inayamba kulira.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Laputopu inatentha moti ndinkaisinthasintha miyendo. Ndinavula malaya n'kuwatambasula pamwamba pake kuti ipeze mthunzi, ine n'kutsala ndi vesiti. Ndinathyola tsamba la nthochi n'kumaikupiza. Kutsidya kwa msewu nyimbo zinkapitirira, koma mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi.

“Taonani zinthu!” Anali mawu a NyaGondwe, ndipo sankanong'ona. “Apongozi agona, iye wavula malaya ali pa gemu!”

“Anthu a ku Lilongwe,” wina anayankha.

“Chisoni chimabwera mosiyana,” anatero a Chirwa, Mulungu awadalitse.

Ine maso pa kamzere kamene kankayenda ngati nkhono. Mphindi teni. Twente. Mphindi iliyonse mkazi wanga anali kulira bambo ake amoyo, ine ndikudikira makina kuti andinenere zimene pakamwa panga pakanatha kunena pa sekondi imodzi. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinkadzida. Koma ndinakhalabe pachulu.

Pa mphindi sate-faifi batire inachenjeza. Ndinazimitsa chilichonse chozimitsika, ndinatsitsa kuwala kwa sikirini mpaka ndinkachita kusuzumira. Kutsidya a Msiska anaimirira n'kuti, “Tipemphere.” Bwalo lonse linagwetsa mitu, kunali bata loti ukanamva nyerere ikuyenda.

Mzere wobiriwira!

Sindinayang'ane china chilichonse. Ndinadina batani.

Mafoni onse a pabwalo analira nthawi imodzi, pakati pa pemphero. Anthu anaweramabe, koma manja anapita m'matumba mwakachetechete. Ndinapuma mozama. Ndinati basi, zatha, ndapulumuka.

Kenako mayi wina anakuwa, “Mayo ine, a Mkandawire!” ndipo kulira kunayambiranso kuposa poyamba.

Ndinasuzumira pa sikirini. Pulogalamu yomangira ija, pofuna kundithandiza kuti build ifulumire, inagwiritsa ntchito zakale zimene inasunga. Mawu anga atsopano sanalowemo. Ndinali nditawaphanso apongozi kachisanu ndi chitatu, ndi matenda omwe aja aataliatali. Laputopu nayo, itaona kuti ntchito yake yatha, inazima.

“Abusa akumva kuwawa kwambiri,” ndinamva a Msiska akuuza anthu. “Anali anzawo a pamtima.”

Pamenepo ndinadziwa kuti makina sandipulumutsa. Ndinavala malaya, ndinakhwapatira laputopu yotentha, n'kutsika pachulu kuti ndikagwade pakati pa bwalo ndi kunena zoona, zivute zitani.

Ndisanawoloke msewu ndinamva njinga yamoto ikubwera kuchokera kumunsi. Itafika pa masamba anga aja inachepetsa liwiro, n'kuima. Wokwera kumbuyo anatsika pang'onopang'ono. Jekete lakuda. Kathumba ka nyemba m'dzanja limodzi. Anayang'ana masamba, anayang'ana bwalo lodzaza pakhomo pawo, n'kuvula chipewa monga amachitira munthu aliyense wolemekeza maliro.

A Mkandawire.

Anthu anali asanawaone, chifukwa mpanda wa maluwa unawatchinga. Anaona ine. Anabwera akuyenda ngati munthu amene wakalamba zaka khumi pa mphindi imodzi. Kathumba ka nyemba kanagwa pansi, iwo osakatola. Sindidzaiwala nkhope imeneyo mpaka kufa kwanga kwenikweni.

“Mkweni,” anatero motsitsa. “Musandibise. Ndi amama anu?”

Ankaganiza kuti ndi mkazi wawo. Zaka zonsezo ali limodzi, ndipo ine ndinawapatsa mphindi imeneyo. Pa machimo onse a tsikulo, ili ndi limene limandiwawa.

“Ayi, adada! Amama ali bwinobwino, ali m'nyumbamo.”

“Tiwonge?”

“Alinso bwino.”

Anatseka maso, n'kupuma. Kenako anayang'ananso bwalo, mabenchi a kutchalitchi, amayi a umanyano.

“Nanga watisiya ndani?”



“Ndi inuyo, adada.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana laputopu m'khwapa mwanga. Anali mphunzitsi zaka zambiri, amadziwa nkhope ya mwana amene waswa windo. Sanafunse china. Anavala chipewa, anakonza jekete, n'kulowa pabwalo.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Mayi wina anataya ndowa ya madzi. Amuna awiri a benchi yakumbuyo anadumpha mpanda, ndipo mmodzi wa iwo ndi dikoni. A Msiska anaimirira, Baibulo atalikumbatira pachifuwa ndi manja awiri.

“A... a Mkandawire! Mwachokera kuti?”

“Ku Hewe,” anayankha. “Monire mose.”

Wa njinga yamoto, amene sankadziwa kanthu, anafika nako kathumba ka nyemba n'kufunsa ngati malemu anali wachibale wa adadawa.

NyaHarawa anatuluka m'nyumba atagwiridwa ndi azimayi awiri. Anaima patsogolo pa amuna awo, anawagwira kumaso, anawagwira makutu, anawagwira jekete. Kenako anayamba kuwamenya pachifuwa ndi zibakera zing'onozing'ono akulira: “Foni! Foni mumaisungiranji yozima!” Tiwonge anawakumbatira bambo ake osafuna kuwasiya. Atadzutsa mutu, maso ake anandipeza nditaima pa geti ndi laputopu. Mkazi wanga ndi wanzeru. Sanafunikire kuuzidwa.

Sindinadikire kuitanidwa. Ndinapita pakati pa bwalo, ndinagwada, n'kufotokoza zonse: kafayilo kofufutidwa, batani, kasanu ndi kawiri, ndi kachisanu ndi chitatu ka pakati pa pemphero. Ndinanenanso kuti ndinadziwa zoona kuyambira masana koma ndinachita mantha. Pofotokoza emulator ndinaona kuti palibe akumva, koma mawu oti mantha aliyense anawamva.

Anthu ambiri atabalalika, ena akuseka, ena akutukwana chamumtima, tinakhala pakhonde: apongozi onse awiri, Tiwonge, a Msiska ndi akulu ena atatu. Ine pansi, pa simenti.

Tiwonge ndi amene anayamba, ndipo sanakweze mawu.

“Ndinali kutsogolo kwa ana, ndikulemba masamu pa bolodi. Ndinagwa pansi ana akuona. Ndipo inu munadziwa masana, n'kukakhala pachulu?”



A Msiska anali atachira mantha, tsopano anali ndi ukali. Anati akulu anachenjeza kuti za mpingo sizisewereredwa. Anati abusa aimba foni kuchokera ku Mzuzu ali m'basi, akubwera kudzaika mnzawo. Anati chida chimenechi chithe lero lomwe, ndipo popeza a Mkandawire ananena okha kuti mkweni akalakwitsa afunsidwe iwo, ndiye akufunsidwa.

Ndinayang'ana pansi. Dzina limene munthu analisamala moyo wake wonse, ine ndinaligubuduza m'fumbi tsiku limodzi.

Apongozi aamuna anamwa madzi, n'kuika kapu pansi mosamala.

“Ndinanena, ndipo ndikuyankha. Mkweni wanga walakwa kawiri. Kulakwa kwa makina ndi kwakung'ono. Kukhala chete mkazi wake akulira, kumeneko ndi kwakukulu, ndipo akapepesa kwa Tiwonge ndi kwa amama ake, osati kwa ine. Lamulungu adzaimanso kutsogolo kwa mpingo.” Anatembenukira kwa mlembi. “Koma a Msiska, ndifunse. Uthenga unatuluka nthawi yanji?”

“Cha m'ma naini.”

“Anthu a kuseri kwa phiri anafika nthawi yanji?”

A Msiska anakanda m'mutu. “Isanakwane thwelofu.”

“Ndi makalata anu akanafika liti?”

“Mwina Loweruka.”

“Ndiye chidachi chikugwira ntchito. Chongofunika n'choti batani lizikhala m'manja mwa mlembi, osati mwa mkweni.”

Akulu aja anayang'anana. Mmodzi anagwedeza mutu, wina n'kutsatira. Ndinayamba kukwawa cham'mbuyo kuti ndichoke ulemu udakalipo.

“Yayi, mkweni, khalani. Funso limodzi latsala.”

Ndinakhala.

“Mumpingo muno muli anthu ambiri. Ena ndi okalamba kuposa ine, ena ndi odwala kuposa ine. Munasankhiranji ine? Ndinakulakwirani chiyani?”

Ngakhale Tiwonge anadzutsa mutu. Ndinaona kuti funsoli silinali la nthabwala, munthu wamkulu ankafunadi kudziwa ngati mkamwini wake amamufunira imfa mumtima.

“Adada, simunandilakwire chilichonse. Ndimakulemekezani kuposa munthu wina aliyense kuno.”

“Nanga?”

“Poyesa app timafuna dzina lalitali, kuti tione ngati likwana pa sikirini ya foni yaing'ono. Ndinayang'ana m'buku lonse la a Msiska. Lalitali kuposa onse linali lanu.”

Anasisita chibwano.

“Zerubabele Vitumbiko Mkandawire,” anatchula pang'onopang'ono, ngati akuliyeza ndi rula. “Ndiye linakwana?”

“Linakwana, adada. Lonse.”

Anagwedeza mutu mwaulemu wonse wa mkulu wa mpingo, n'kutenganso kapu yawo.

“Yewo. Ndiye kuti sindinafere pachabe.”

Anzanga olemba ma app, poyesa zinthu muzipha munthu amene sanabadwe, chifukwa apongozi amabwerako ku Hewe.